Sitima ya mu tauni? Ayambe atifunsa ise okwera mabasi

Ngati mukhala ku Chelstone ndipo nchito iyamba 08:00 mu tauni, mudziwa kale kuti tulo twa m'mawa si twanu. Mufunika kuima pa stesheni kukali kamdima, kulimbana kuti mupeze mpando mu Hiace, ndiye muyambe kuwerenga mamotoka pa Great East Road, kuchoka pa Munali, kupita pa UNZA, Arcades, Manda Hill, mpaka pa Kabwe Roundabout. Ba kondakita akali kukuwa kuti "sendezani, pali malo kumbuyo", imwe mtima uli pa nkhope ya abwana.

Ndiye chifukwa chake nkhani ya sitima yoyenda mkati mwa mzinda siikutha mu mabasi ndi pa Facebook. Lusaka ilibe tramu, ija sitima ya magetsi yoyenda pa njanji zoikidwa mumseu. Koma kalembera wa 2022 anapeza anthu opitirira 2 miliyoni mu boma la Lusaka, ndipo aliyense aona kuti Hiace ndi Rosa zokha sizingatinyamule tonse mpaka kalekale. Tsiku lina wina adzabwera ndi mapu okongola a sitima kapena mabasi aakulu. Funso ndi ili: kodi mzere wa pa mapuwo adzaulemba ndani, ndipo imwe mudzaumva liti?

Tinali nayo sitima

Achinyamata ambiri sadziwa kuti Lusaka inakhalapo ndi sitima ya mu tauni. Funsani amalume kapena ambuya za Njanji. Inayamba mu 1991, inali kunyamula anchito pakati pa Matero ndi Chilenje kudzera mu tauni, mtunda wa makilomita pafupifupi 13. Zaka za m'ma 1990 zisanathe, inaima. Nthawi imeneyo ndiyo inathanso kampani ya boma ya mabasi ya UBZ, ndipo mayendedwe onse a mu mzinda anagwera m'manja mwa eni maminibasi.

Sitima itaima, malo a njanji sanakhale chabe. Anthu anamangapo nyumba, mashopu ndi tuntemba. Manje aliyense wofuna kubweza sitima pa njira ija afunika kuyamba ndi funso lowawa: adzachoke ndani, apite kuti, ndipo amulipire zingati? Munthu amene anagula puloti pamalo paja, namanga ndi ndalama za penshoni, sangaone mapu mofanana ndi mnyamata wa ku Matero wofuna chabe kufika msanga ku nchito. Onse awiri ali ndi mfundo, ndipo onse afunika kumvedwa bulldozer isanalire.

Maflyover anabwera, mzere ukalipo

Mu 2013 boma linayamba L400, pulojekiti yokonza miseu ya mu Lusaka ya makilomita pafupifupi 400, yogwiridwa ndi AVIC International ya ku China. Pambuyo pake kunabwera Lusaka Decongestion Project ya madola 289 miliyoni, yomangidwa ndi Afcons ya ku India, ndalama zambiri zili nkhongole yochokera ku Exim Bank ya dziko lomwelo. Pakati pa 2018 ndi 2021 tinaona maflyover a pa Makeni, Arcades, Munali ndi Longacres akuimirira.

Zoona, pena zinthu zinasintha. Amene anali kukhala nthawi yaitali pa Munali Roundabout angakuuzeni. Koma yang'anani bwino amene anapindula kwambiri. Flyover ithandiza galimoto yodutsa. Basi imaima kutsitsa ndi kukweza anthu, ndipo ikali kulimbirana mseu umodzi ndi galimoto imene muli munthu mmodzi chabe. Woyenda pansi, mayi wobereka mwana, wa njinga yonyamula malasha, kwa iwo mseu waukulu nthawi zambiri utanthauza kuthamanga kwambiri powoloka. Ndipo nkhongole sisankha: tonse tiilipira, wa galimoto ndi wa pansi yemwe. Musaiwale kuti mu November 2020 Zambia inalephera kulipira nkhongole zake za Eurobond.

Mzinda umodzi, zofuna zosiyana

Mukamvetsera bwino, mudzaona kuti maganizo a anthu atsatira kumene agona. Wa ku Chelstone afuna nthawi: chinthu chomuchotsa pa tanki ya madzi ija n'kumufikitsa mu tauni osaima paliponse. Wa ku Kabwata ali pafupi ndi tauni, ena amayenda chabe pansi. Iye mantha ake ali pa malo. Mukakulitsa Burma Road kapena Chilimbulu Road kuti padutse njanji, mipanda ya ndani idzagwa, ndipo ogulitsa m'mbali mwa mseu adzapita kuti?

Ku mayadi, ku Woodlands ndi Kabulonga, nkhani imakhala ya mitengo, phokoso ndi mtengo wa mapuloti. Ambiri kumeneko ali ndi mamotoka, ndipo akalemba kalata ku khansolo imawerengedwa. Koma muime pa Kabulonga Roundabout 06:00 muone amene adzaza m'mbali mwa mseu: anchito a m'nyumba, malonda, osamalira maluwa, akuchokera ku Kalingalinga, Mtendere ndi Bauleni, ambiri pa mapazi. Msonkhano wa "anthu a ku Kabulonga" ukaitanidwa, amenewa sakhalapo, koma ndiwo angakwere sitimayo tsiku lililonse.

Palinso vuto limene wokwera basi aliyense alidziwa: njira zathu pafupifupi zonse zithera mu tauni, pa Kulima Tower, Millennium, City Market kapena Lumumba. Kuchoka ku Chelstone kupita ku Woodlands nthawi zambiri ndi mabasi awiri, kulipira kawiri. Sitima ikangotsatira njira yomweyo yopita ku Cairo Road, vutoli likhalabe. Wojambula mapu amene sakwera basi angathe osaliona.

Anzathu anaphunzira movutikira

Addis Ababa ku Ethiopia inatsegula sitima yake ya magetsi mu 2015, njira ziwiri, makilomita opitirira 30. Inatchuka mu Africa monse. Patapita zaka zochepa, sitima zambiri zinaima mu yadi chifukwa chosowa masipeya. Kumanga ndi nkhani ina, kusamalira ndi nkhani inanso.

Dar es Salaam inasankha mabasi aakulu okhala ndi njira yawoyawo, amene kumeneko amawatcha mwendokasi. Anayamba mu 2016 pa Morogoro Road ndipo anadula kwambiri nthawi ya ulendo. Koma depoti yake inamangidwa ku Jangwani, chigwa chimene chimasefukira mvula ikagwa, ndipo madzi aononga mabasi ndi kuimitsa maulendo kangapo. Ife a mu Lusaka tidziwa bwino mmene Kanyama ndi miseu ina ya mu tauni imakhalira mu January. Nzeru yotere siili mu kompyuta ya injiniya, ili ndi anthu okhala pamalopo.

Ku Johannesburg, mabasi a Rea Vaya atayamba mu 2009, eni matakisi anakwiya, kunali masitiraka ndi ziwawa. Mapeto ake, ena mwa iwo anachotsa matakisi awo pa njirazo n'kukhala eni masheya mu kampani yoyendetsa mabasi atsopanowo. Kuno nako madalaivala, makondakita, ang'wang'wazi, amakanika ndi azimayi ogulitsa nsima pa stesheni adyera mu mabasi. Pulani yosakamba za iwo ndi pulani yoitana ndeu.

Lamulo lili kumbali yanu

Ambiri aganiza kuti kufunsidwa ndi chifundo cha boma. Iyai, ndi lamulo. Urban and Regional Planning Act ya 2015 ikamba kuti khansolo popanga pulani ya chitukuko cha dera, imene amaitcha IDP, ifunika kumva maganizo a anthu. Pulojekiti yaikulu ngati njanji siingayambe popanda lipoti loonetsa mmene idzakhudzira malo ndi anthu, ndipo ba ZEMA amaitana anthu kuti aperekepo ndemanga asanavomereze. Pansi pa Local Government Act ya 2019, wodi iliyonse ifunika kukhala ndi Ward Development Committee, komwe nkhani za m'dera ziyambira. Ndipo kuyambira December 2023 tili ndi Access to Information Act, yopatsa nzika mphamvu yopempha zikalata ku maofesi a boma.

Vuto n'lakuti chidziwitso chimatuluka m'tumalemba tung'onoting'ono mu nyuzipepala ya Chizungu, ndipo msonkhano umachitika pakati pa sabata mu hotela, imwe muli ku nchito kapena pa msika. Choncho musayembekeze kuitanidwa. Dziwani dzina la ba khansala anu ndi tsiku limene komiti ya wodi imakumana. Mukamva za mseu watsopano, stesheni kapena njanji, pitani ku Civic Centre pa Independence Avenue mupemphe kuona mapu. Pitani muli gulu, a ku tchalitchi, a chilimba kapena a pa msika, ndipo lembani kalata, musunge kope yodindidwa. Ndemanga ya pa Facebook imathera pomwepo, kalata imalowa mu faelo.

Mukapeza mpata wokamba, funsani zinthu zogwirika. Tikiti idzakhala zingati poyerekeza ndi basi? Masteshoni adzakhala pati, ndipo wa ku komboni adzayenda mtunda wotani kuti afikeko? Ndani adzachotsedwa, ndipo malipiro adzabwera nyumba isanagwe kapena itagwa? Magetsi akapita ngati mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, sitima idzayenda ndi chiyani? Nkhongole ndi ya zaka zingati, ndipo masipeya adzagula ndani? Wa pa wilitcheya adzakwera bwanji? Nanga ba dalaivala ndi ba kondakita, malo awo ali pati?

Mwina yankho la Lusaka ndi sitima, mwina ndi mabasi aakulu a njira yawoyawo, mwina kuyamba chabe ndi tinjira tabwino ta oyenda pansi ndi ngalande zogwira nchito. Chilichonse chimene chidzasankhidwe, mudzakhala nacho zaka makumi, ndipo ana anu adzachilipira. Nthawi yokamba ndi pamene mzere ukali wa pensulo. Konkire ikauma, ngakhale mukuwe bwanji pa wailesi, siisuntha.