Bala la m'banja likalowa mu situdiyo

Tsiku lina m'nyengo ya manachesi, madengu atandanda m'mbali mwa msewu wa M6, mayi wina analowa mu situdiyo yanga pa boma la Mwanza atafumbata kope la kusukulu. Amaimba kwaya kutchalitchi kwawo, ndipo mawu ake ndinkawadziwa kale. Atakhala pansi ananditambasulira masamba anayi olembedwa mbali zonse.

"Achimwene, mundijambulire nyimbo iyi. Musachotsepo kanthu."

Ndinawerenga. Munali dzina la mwamuna wake, mudzi wa kwawo, tsiku limene anadutsa pachipata kulowera ku Zobue pa ulendo wa ku Joni, mwezi umene ndalama zinasiya kubwera, ndi dzina la mkazi amene anamupeza kumeneko. Munalinso mawu onse amene apongozi ananena pamaso pa ankhoswe tsiku lothetsa banja.

"Achemwali, zonsezi n'zoona?"

"Mulibe bodza ngakhale limodzi."

"Ndakukhulupirirani. Koma zimene mwalembazi ndi umboni wa kukhoti. Nyimbo sitinaiyambe."

Ntchito yanga ndi yopeka nyimbo ndi kujambula oimba. Funso limene limandipeza kawirikawiri, kaya m'minibasi ya ku Blantyre, kaya kometetsa, n'lakuti: woimba wotchuka banja lake likatha, kenaka n'kutulutsa nyimbo yodandaula, kodi amakhala akunena mkazi kapena mwamuna wake uja? Anthu amaisenda nyimboyo mzere ndi mzere pa WhatsApp ngati apolisi ofufuza mlandu. Lero ndikufuna ndikulowetseni kuseri kwa chitseko kuti muone zimene zimachitika pakati pa misozi ndi nyimbo imene mumaimva pa wailesi.

Tiyambire kwathu. Kuimba za m'banja sikunabwere ndi magitala. Agogo athu anali ndi bwalo lawo pamtondo. Mkazi amene mwamuna wake amagona kumowa, amene mpongozi wamukhalira pakhosi, kapena amene akulimbana ndi mkazi mnzake wa pamitala, ankatula nkhawa zake akusinja, munsi ukumuimbira ng'oma. Mudzi wonse unkamva, mwamunayo ali pakhonde ankamvanso. Koma luso la nyimbo za pamtondo linali kuphiphiritsa. Dzina silinkatchulidwa. Wolakwa ankadzimva yekha, ndipo mkazi wa kutsidya la mtsinje ankatha kuitenga nyimbo yomweyo mawa lake n'kuimbira wake. Zigayo zatilanda mitondo yambiri, koma lamulo lija likugwirabe ntchito mu situdiyo iliyonse padziko: nyimbo imayamba ndi bala la munthu mmodzi, koma imakhala ndi moyo ikakwana pa bala la anthu ambiri.

Chitsanzo chimene dziko lonse linachiona ndi cha Adele, woimba wa ku London. Mu 2019 zinalengezedwa kuti wasiyana ndi mwamuna wake, Simon Konecki, ndipo khoti linamaliza kuthetsa ukwatiwo mu Malichi 2021. Mu Novembala chaka chomwecho anatulutsa chimbale chotchedwa 30, chimene chinagulidwa kuposa china chilichonse padziko m'chaka chimenecho. Iye mwini anafotokoza poyera kuti ankafuna mwana wake, wobadwa mu 2012, adzamvetse akadzakula chifukwa chimene makolo ake analekanirana. Onani zinthu ziwiri. Choyamba, panadutsa zaka zoposa ziwiri kuchokera pamene anasiyana kufika pamene chimbale chinatuluka. Chachiwiri, nyimbo yotsogolera chimbalecho, Easy on Me, sanailembe yekha. Anailemba ndi katswiri wina, Greg Kurstin. Ululu unali wa Adele, koma nyimboyo inadutsa m'manja mwa amisiri.

Mmisiriyo amachita chiyani kwenikweni?

Ntchito yoyamba ndi kudikira. Munthu amene wangochoka kumene kwa ankhoswe amafuna kunena zonse nthawi imodzi, ndipo zonse zimaoneka zofunika. Nyimbo ya pa wailesi ili ndi mphindi zitatu kapena zinayi basi. M'mphindi zimenezo mumakwana ndime ziwiri kapena zitatu ndi kolasi yobwerezedwa. Banja la zaka khumi silingakwanemo. Mtima ukazizirako, m'pamene munthu amaona chimene chinamupweteka kwenikweni, ndipo nthawi zambiri sichikhala chimene ankakuwa nacho poyamba.

Ntchito yachiwiri ndi kusankha kanthu kamodzi kooneka ndi maso. Woimba akati mtima wanga wasweka, palibe amene amatembenuka, chifukwa tinazimva kambirimbiri. Koma akatchula mbale ya ndiwo imene akuikabe pamphasa ngakhale mwiniwake anachoka, kapena foni imene amagona nayo pafupi usiku uliwonse, womvera amaima. Kanthu kakang'ono kamanyamula katundu amene mawu akuluakulu amalephera. Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu anaimba Linny Hoo poyamikira mwana wake wamkazi, nkhani ya pakhomo pake penipeni. Ataiimbanso ndi Patience Namadingo mu 2020, inafalikira pa TikTok mpaka kwa anthu mamiliyoni osamva ndi liwu limodzi lomwe la Chichewa. Chimene anthuwo anamva ndi chikondi cha kholo, poti aliyense ali ndi wina amene amamunyadira chotero.

Ntchito yachitatu ndi imene anthu ambiri saidziwa: mawu amayenera kugonjera kayimbidwe. Mzere uliwonse uli ndi malo owerengeka. Ngati kayimbidwe kali ndi malo asanu ndi atatu, ndipo choonadi chako chili ndi maphatikizo khumi ndi awiri, china chichoke. Chichewa chili ndi zakezake. Liwu lililonse limathera ndi a, e, i, o kapena u, choncho kufananitsa mathero a mizere n'kosavuta. Chovuta ndi kukweza ndi kutsitsa mawu. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika zimalembedwa mofanana, zimasiyana pa katchulidwe. Khungu la pathupi ndi khungu la maso n'chimodzimodzi. Kayimbidwe kakakwera pamene liwu limafuna kutsika, khutu la Mmalawi limakana. Komanso timakonda kukoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto kwa chiganizo, ndipo nyimbo yosalemekeza zimenezi imamveka ngati mlendo akuphunzira chinenero. N'chifukwa chake zimachitika kuti amene anachoka Lachiwiri, m'nyimbo amachoka Loweruka. Amene anapita ku Tete, m'nyimbo amangopita kutali. Limeneli si bodza. N'chimodzimodzi ndi telala amene amadula nsalu kuti malaya akwane.

Ntchito yachinayi ndi ya manja ambiri. Wa gitala amabwera ndi maganizo ake, wa kiyibodi amasintha liwiro, wojambula amati ndime yachiwiri ikhale yoyamba. Nthawi zina mzere umene anthu amalira nawo kwambiri, n'kumati apa ndiye woimbayu waulula za kuchipinda kwake, unaperekedwa ndi mnyamata wa ng'oma amene sanakwatirepo.

Apa m'pamene pali chinsinsi chachikulu cha ntchito yathu: "ine" wa m'nyimbo si yemweyo amene ali pa chitupa cha woimba. Gulu la ABBA la ku Sweden linatulutsa The Winner Takes It All mu 1980, banja la awiri a m'gululo, Björn Ulvaeus ndi Agnetha Fältskog, litangotha kumene. Mawu analemba ndi mwamunayo, koma anaimba ndi mkaziyo. Ndiye "ine" ameneyo ndi ndani? Björn wakhala akufotokoza kuti ululu wa kulekana unalimo ndithu, koma nkhani ya wopambana ndi wogonja inali yopeka, chifukwa pakati pawo panalibe wopambana. Kufupi ndi kwathu, Oliver Mtukudzi wa ku Zimbabwe anaimba Neria potonthoza mayi wamasiye wa mufilimu ya dzina lomwelo. Mayiyo anali wopeka, koma amasiye enieni kuyambira ku Harare mpaka ku Thambani analira nayo. Woimba amabwereka mawu kwa mlongo wake, kwa mnansi, kwa mayi amene anakhala naye pampando umodzi m'basi. Amatenga pang'ono za iye mwini, pang'ono za ena, n'kuumba munthu mmodzi woti aimbe.

Pali mbali ina imene imandilemera kuposa zonsezi. Banja likatha pamakhala anthu awiri, koma maikolofoni amakhala ndi mmodzi. Pamaso pa ankhoswe, aliyense amapatsidwa mpata. Kuno kwathu kumene mkamwini amakhala kwa mkazi, ankhoswe a mbali zonse amakhala pansi, kumva uku ndi uku, asanagamule. Kukhoti la majisitireti n'chimodzimodzi, ndipo lamulo la maukwati la 2015 limaika patsogolo ubwino wa ana. Nyimbo ilibe ankhoswe. Imaweruza winayo palibe, ndipo chigamulo chake chimalira pa ukwati, pa bala, pa depoti, chaka ndi chaka.

Marvin Gaye wa ku America anaziona zimenezi. Ukwati wake ndi Anna Gordy utatha mu 1977, anagwirizana kuti gawo la ndalama za chimbale chake chotsatira lipite kwa mkaziyo. Chimbalecho, Here, My Dear, chinatuluka mu 1978, ndipo Marvin anakhuthuliramo za m'banja mwawo mosabisa, mpaka dzina la Anna linalowa pa mutu wa nyimbo. Anna zinamupweteka kwambiri moti anaganizapo zokasuma. Lero akatswiri amachitama chimbalecho, koma mayi amene ankanenedwamo analibe chimbale chake choyankhira.

Ku Mwanza nkhaniyi ndi yaikulu kuposa ku America. Kuno tonse timadziwana. Ukangotchula mudzi wa kwa Kanduku kapena kwa Nthache ndi ntchito ya munthu, wamutchula dzina. Ana ake amaphunzira ndi ana a omvera ako. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza, ndipo mlomo wojambulidwa suwola. Ukalowa pa intaneti sungaubwezenso. Amene waipitsiridwa mbiri akhoza kukusumira kukhoti, koma ngakhale asasume, mwana amene lero ali kumbuyo adzakhala ndi zaka 15 tsiku lina, ndipo anzake adzamuimbira nyimbo yonyoza bambo ake pabwalo la sukulu.

Sindikunena kuti oimba atseke pakamwa. Kwa zaka zambiri akazi auzidwa kuti za m'nyumba saulula, ndipo mawu amenewa abisa nkhanza zochuluka. Nyimbo yathandiza amayi ambiri kudziwa kuti sali okha, ndipo ena inawalimbitsa mtima kupita kupolisi kapena kwa amfumu. Pamene pali nkhanza, nkhaniyo ipite kwa oweruza ndi maina ake onse. Koma nyimbo ili ndi ntchito ina. Imanena mmene zimapwetekera, osati amene ayenera kumangidwa.

Ena amafunsanso za ndalama: kodi si malonda chabe, kugulitsa misozi? Zoona, nyimbo ndi katundu. Bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992, limatolera ndalama kwa ogwiritsa ntchito nyimbo monga nyumba zoulutsira mawu n'kugawira eni ake, ndipo wopeka mawu ali ndi gawo lake ngakhale asaimbe. Zoonanso, mphekesera ya banja lotha imakopa makutu. Koma ndaona nyimbo zambiri zodalira mphekesera zikulira sabata ziwiri n'kuzimirira, pakuti ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Imene imatsala ndi imene munthu angaimve patapita zaka 20, osadziwa kuti woimbayo anakwatiwa ndi yani, n'kumva kuti ikunena za iye.

Choncho aliyense wobwera ndi kope ngati lija ndimamufunsa mafunso atatu. Kodi mlendo wosakudziwani angaiimbe nyimboyi ngati yake? Kodi mwana wanu akadzakula mungakhale naye pamphasa imodzi ikulira? Kodi muli mzere ngakhale umodzi umene mukuvomera mbali yanu? Funso lachitatuli ndi limene limavuta, komanso ndi limene limabala nyimbo zabwino koposa, chifukwa womvera amakhulupirira munthu amene sakudziyeretsa.

Mayi uja anachoka tsiku limenelo atakhumudwa. Anabweranso mvula yoyamba itagwa, ali ndi tsamba limodzi. Maina onse anali atachoka, apongozi anali atachoka, mkazi wa ku Joni anali atachoka. Chinatsala ndi chithunzi chimodzi: mayi ataima pafupi ndi chipata madzulo, akuyang'ana mabasi ochokera ku Tete, akudziwa bwino kuti amene akumudikira sali m'menemo, koma miyendo ikukana kubwerera kunyumba. Tinaijambula masiku awiri. Poimba ndime yomaliza mawu ake ananjenjemera, ndipo wa kiyibodi anati tibwereze. Ndinakana, tinasiya momwemo.

Patapita miyezi, anandiuza kuti anaiimba pa mwambo wina wa amayi, ndipo atamaliza mayi wachikulire amene sanamuonepo anamugwira dzanja n'kumufunsa kuti, "Mwanawe, za kwanga unazimva kwa yani?"