Bondo Limavulala Potera

Ndikamaonera atsikana akusewera mpira wa manja pa mabwalo a sukulu kuno ku Karonga, maso anga sakhala pa mpira ayi, amakhala pa mawondo. Nthaka yathu ikauma ndi dzuwa la mu Okutobala imalimba ngati simenti, ndipo wodumpha akamatera, bondo ndi lomwe limalandira kulemera konse.

Mkati mwa bondo muli mtsempha wotchedwa ACL, womwe umagwira fupa la msongolo kuti lisasunthire kutsogolo. Kawirikawiri umaduka popanda wina kukugunda. Wosewera amatera ndi mwendo umodzi wowongoka, chidendene chikuyamba kugunda pansi, bondo n'kupindikira mkati, basi zatha. Malamulo a netibolo amawonjezera vutoli, poti ukagwira mpira uyenera kuima nthawi yomweyo. Ngakhale Mwawi Kumwenda, katswiri wa netibolo, ndi madokotala onse a timu yake ya nthawiyo ya Melbourne Vixens, mtsemphawu unamudukira mu 2018, ndipo anakhala miyezi yambiri osasewera. Nanga mwana wa ku Chilumba opaleshoni yokonza mtsemphawu aipeza kuti?

Kutera bwino kumaphunzitsika. Tera ndi kutsogolo kwa phazi, pinda mawondo ndi chiuno ngati ukufuna kukhala pa mpando, bondo liyang'ane kumene kwaloza zala za kuphazi. Kupindako kumapereka ntchito ku minofu ya ntchafu ndi matako, mtsempha n'kupuma.

Aphunzitsi a masewera, ngakhalenso a timu ya mpira wa miyendo ya Karonga United, ndikuwapempha ayesere FIFA 11+, masewera otenthetsa thupi a mphindi pafupifupi 20 omwe amaphunzitsa kudumpha ndi kutera. Safuna zida zodula.