Momwe boma la America limasankhira kafukufuku woti alandire ndalama

Mu 2011 dziko lonse lidamva kuti munthu amene ali ndi HIV akayamba msanga kumwa ma ARV, mpata woti apatsire mnzake wapabanja kachilomboka umatsika ndi 96 pa 100 aliwonse. Zimenezi zidapezeka m'kafukufuku wotchedwa HPTN 052, amene adachitika m'maiko 9, ndipo ena mwa mabanja 1,763 omwe adatengapo mbali adali a ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Ndalama zoyendetsera ntchitoyo zidachokera ku misonkho ya anthu a ku America, kudzera ku bungwe la boma lotchedwa National Institutes of Health, mwachidule NIH. Bungwe lomweli ndilo lidathandiza ntchito ya Terrie Taylor ndi anzake pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, imene mu 2015 idaonetsa kuti ana ambiri omwalira ndi malungo a mu ubongo amafa chifukwa cha kutupa kwa ubongowo. Choncho njira imene NIH imatsata pogawa ndalama zake si nkhani ya Amereka okhaokha.

Likulu la NIH lili ku Bethesda, m'chigawo cha Maryland, ndipo bungweli lili ndi nthambi 27: ina ya khansa, ina ya matenda opatsirana, ina ya mtima ndi mapapo, ndi zina zotero. Nyumba ya Malamulo ya ku Washington ndiyo imagamula kuchuluka kwa ndalama za nthambi iliyonse, ndipo mu 2023 zonse pamodzi zidali pafupifupi madola 47 biliyoni. Zoposa 80 pa 100 za ndalamazi zimapita kwa ofufuza a m'mayunivesite ndi m'zipatala, koma sizigawidwa monga gawo la aliyense ayi. Amachita kupikisana, ndipo kwa zaka zambiri pempho limodzi lokha mwa mapempho asanu ndilo linkapambana.

Wopempha, malinga ndi malamulo, ndi yunivesite kapena bungwe limene wofufuzayo amagwirako ntchito. Wofufuza amalemba, ofesi ya yunivesite imasainira ndi kutumiza pa intaneti, ndipo ndalama zikabwera zimalowa m'thumba la yunivesite. Thandizo lodziwika kwambiri ndi lotchedwa R01, lomwe limatha kufika zaka zisanu, ndipo mapempho atsopano amalandiridwa katatu pachaka: pa 5 February, pa 5 June ndi pa 5 October. Tsamba limodzi limafotokoza zolinga za kafukufukuyo, masamba 12 amafotokoza momwe achitikire, kenako pamabwera mbiri ya ntchito ya ofufuzawo, bajeti, ndi momwe adzatetezere anthu kapena nyama zimene adzagwiritse ntchito. Amene adazolowera kulemba mapempho otere amati tsamba loyambalo ndilo limatenga nthawi yaitali koposa, chifukwa ambiri mwa odzaponya voti sadzawerenga mozama kupitirira pamenepo.

Pempho likafika limayamba lalowa ku ofesi yotchedwa Center for Scientific Review, yomwe chiyambi chake ndi cha mu 1946. Ofesiyi imalipezera malo awiri: nthambi imene ingadzalipire ntchitoyo, ndi komiti ya akatswiri imene iliunike. Malo awiriwa adawalekanitsa dala, kuti wosunga thumba asakhalenso woweruza ngati sayansiyo ndi yabwino.

Komiti ya akatswiriyi, imene kumeneko amaitcha study section, imakhala ndi anthu pafupifupi 20 kapena 30, ambiri a iwo ofufuza a m'mayunivesite, osati ogwira ntchito m'boma. Amalandira kangachepe chabe, madola 200 pa tsiku la msonkhano. Maina awo amaikidwa poyera. Woyendetsa zonse ndi wogwira ntchito wa NIH, iyenso wasayansi, koma saponya nawo voti. Iye ndiye amapereka pempho lililonse kwa anthu osachepera atatu kuti aliwerenge bwinobwino patatsala masabata angapo msonkhano usanachitike. Aliyense mwa atatuwa amalemba zimene waona kuti n'zamphamvu ndi zofooka, n'kupereka malikisi kuyambira 1 kulekeza 9. Apa pamafunika kuchenjera, chifukwa 1 ndiye wapamwamba ndipo 9 ndiye wotsikitsitsa.

Malikisi oyambawa amachita ntchito yowawa. Mapempho ambiri, omwe atsalira m'munsi, sakambidwa n'komwe pamsonkhano. Mwiniwake amalandira ndemanga za anthu atatu aja, koma komiti yonse siimva za ntchito yake. Ndiye kuti miyezi ingapo ya kulemba ikhoza kuthera m'manja mwa anthu atatu okha.

Mapempho otsalawo amakambidwa limodzilimodzi. Pempho lisanayambe kukambidwa, aliyense amene ali wa pa yunivesite imodzi ndi wopemphayo, kapena amagwira naye ntchito, kapena angapindule mwa njira ina, amatuluka. Atatu aja amanena malikisi awo, amafotokoza zifukwa, ena onse amafunsa ndi kutsutsa, ndipo pakatha mphindi ngati 15 atatuwo amanenanso malikisi awo omaliza. Ngati anena 2, 3 ndi 4, komiti yonse imayembekezeka kuvota pakati pa 2 ndi 4. Wofuna kupita kunja kwa malire amenewa ayenera kunena poyera. Kenako aliyense amavota mwachinsinsi. Malikisi onse amawaphatikiza, kuwagawa ndi chiwerengero cha ovota, n'kuchulukitsa ndi 10, motero zotsatira zimakhala pakati pa 10 ndi 90. Za bajeti amakamba voti itatha, kuti mtengo wa ntchito usasokoneze chiweruzo cha ubwino wake. Zonse zokambidwa m'chipindamo ndi zachinsinsi, ndipo kuyambira June 2023 wounika saloledwa kuika pempho la munthu m'makina a AI kuti amulembere ndemanga.

Popeza makomiti ena ndi owolowa manja pa malikisi pamene ena ndi ouma, mapempho ambiri a R01 amapatsidwanso nambala ina yosonyeza malo awo powayerekeza ndi onse amene komiti yomweyo yaunika pa misonkhano itatu yaposachedwa. Pempho limene lili pa 8 ndiye kuti laposa 92 mwa 100 aliwonse.

Kodi akatswiriwo amayang'ana chiyani? Kwa zaka zambiri ankapereka malikisi pa zinthu zisanu: kufunika kwa funso, luso la wofufuza, chatsopano chimene akubweretsa, njira zake, ndi malo ogwirira ntchito. Vuto lake linali lakuti dzina linkalemera. Pulofesa wotchuka wa ku Harvard kapena ku Johns Hopkins ankayamba mpikisano ali kale patsogolo. Kuyambira pa 25 January 2025 NIH idasintha. Tsopano malikisi amaperekedwa pa mafunso awiri: kodi kafukufukuyu ndi wofunika kuchitika, ndipo kodi njira zake n'zolimba komanso zotheka? Za wofufuza ndi yunivesite yake wounika amangonena ngati zili zokwanira pa ntchitoyo kapena ayi, popanda nambala. Ndi kusintha kwanzeru, ngakhale kuti dzina la wopempha likadali poonekera papepala ndipo wounika ndi munthu.

Komiti ikamaliza, palibe amene walandira ndalama. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Akatswiri amangoika mapempho pa mndandanda. Alibe mphamvu yopereka ngakhale dola imodzi. Malamulo amafuna kuti pakhale kuunika kwachiwiri, kochitidwa ndi bungwe la alangizi a nthambi iliyonse, momwe mumakhala asayansi pamodzi ndi oimira anthu wamba, ndipo limakumana katatu pachaka. Bungweli limaona ngati kuunika koyamba kudayenda mwachilungamo komanso ngati ntchitoyo ikugwirizana ndi zolinga za nthambiyo. Nalonso limangolangiza. Mawu omaliza ndi a mkulu wa nthambi.

Kwa nthawi yaitali nthambi zambiri zinkadula mzere pa mndandanda uja malinga ndi ndalama zimene Nyumba ya Malamulo yapereka chaka chimenecho. Mzere ukakhala pa 10, wa pa 9 ankakondwa, wa pa 12 ankabwerera kukalemba kachiwiri, ngakhale ntchito zawo zitakhala zosasiyana kwenikweni. Mzerewo unali wouma mtima koma unali ndi ubwino umodzi: aliyense ankauona, ndipo mkulu wofuna kudumpha pempho la pamwamba kapena kutola la m'munsi ankayenera kupereka chifukwa. Mu August 2025 Pulezidenti Donald Trump adasainira lamulo lopatsa akuluakulu osankhidwa ndi boma mphamvu zowonjezera zounika ndalama zotere zisanaperekedwe, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho NIH idalengeza kuti nthambi zake zisiye kudalira mzere uja. Oikira kumbuyo zimenezi amati ndalama za misonkho ziyenera kuyang'aniridwa ndi anthu amene ali ndi udindo woyankha kwa ovota. Mfundoyo si yopanda pake. Koma ine ndikuona kuti mphamvu zikachoka pa nambala yoonekera kupita m'maofesi, wokhometsa msonkho yemweyo ndiye amavutika kudziwa chifukwa chimene uyu wapatsidwa ndipo uyo wamanidwa.

Nanga malikisiwo ndi odalirika motani? Mu 2015 Danielle Li ndi Leila Agha adaonetsa m'magazini ya Science kuti mapempho amene adapeza malikisi abwino adatulutsadi zolemba zambiri zimene asayansi ena adagwiritsa ntchito. Chaka chotsatira Ferric Fang, Anthony Bowen ndi Arturo Casadevall adayang'ana mapempho a pamwamba okhaokha, n'kupeza kuti pakati pa amenewo malikisi sauza zambiri za amene adzabale zipatso. Zonse ziwiri zikhoza kukhala zoona nthawi imodzi. Lichero limachotsa mankhusu bwinobwino, koma silingakuuzeni kuti mwa njere zabwino zotsalazo idzamere bwino ndi iti. Tsoka lake ndi lakuti ndalama zimathera pakati penipeni pa njere zabwinozo. N'chifukwa chake mabungwe ena, monga Health Research Council ya ku New Zealand kuyambira 2013, pa mitundu ina ya thandizo amayamba achotsa mapempho ofooka kenako n'kuchita maere pa otsalawo. NIH sichita zimenezo.

Palinso za tsankho. Mu 2011 kafukufuku wa Donna Ginther ndi anzake adapeza kuti ofufuza akuda a ku America anali ndi mwayi wocheperapo wolandira R01 poyerekeza ndi azungu, ngakhale ataganizira za maphunziro ndi zolemba zawo. Komanso makomiti amakonda ntchito imene ili kale ndi zotsatira zoyambirira, motero ganizo lachilendo limavutika. Katalin Karikó adakanidwa ndalama mobwerezabwereza pa ntchito yake ya mRNA mpaka adatsitsidwa udindo pa yunivesite ya Pennsylvania mu 1995. Mu 2023 adalandira mphotho ya Nobel. Achinyamata amawaganizirako pang'ono: amene sanathe zaka 10 chimalizireni digiri yake yomaliza ndipo sanalandirepo thandizo lalikulu amaunikidwa moganizira msinkhu wake pantchito.

Wokanidwa ali ndi njira ziwiri. Akhoza kukonza pempho n'kulitumizanso kamodzi, ndi tsamba limodzi loyankha zimene ounika adadandaula. Ambiri opambana amadzera njira imeneyi. Akhozanso kuchita apilo, koma pa zifukwa zinayi zokha: kukondera, wounika amene ali ndi chidwi chake pa nkhaniyo, kusowa kwa ukatswiri woyenera m'komiti, kapena kulakwitsa mfundo zenizeni kumene kukadasintha zotsatira. Kungosiyana maganizo pa sayansi si chifukwa chomveka.

Wopambana naye sakhala pansi. Amayenera kuonetsa chilolezo cha komiti yoteteza anthu otengapo mbali m'kafukufuku, ndipo ngati ntchito ichitikira ku Malawi, ndiye kuti adzerenso ku komiti ya m'dziko muno monga NHSRC kapena COMREC. Kuchokera tsiku lotumiza pempho kufika tsiku loyamba ntchito pamapita miyezi pafupifupi 9 kapena 10. Ndalama kawirikawiri zimatuluka chaka ndi chaka, lipoti la momwe ntchito ikuyendera likaperekedwa.

Yunivesite ya kunja kwa America imaloledwa kupikisana pa mitundu ina ya thandizo, koma imayenera kuonetsa kuti ili ndi mwayi wapadera umene ku America kulibe, monga odwala a matenda amene kumeneko sapezeka. Pa ndalama zoyendetsera maofesi, magetsi ndi nyumba imapatsidwa 8 pa 100 yokha, pamene mayunivesite akuluakulu a ku America amalandira zoposa 50 pa 100. Ntchito zambiri za ku Africa zinkalandira ndalama kudzera mwa yunivesite ya ku America imene idapambana n'kugawirako anzake akunja. Mu May 2025 NIH idaimitsa njira imeneyi ponena kuti ikufuna dongosolo latsopano loti iziona bwino komwe ndalama zikupita, ndipo ntchito zambiri za kunja zidagwedezeka nazo. Malikisi a ntchitozo anali asanasinthe. Chidasintha ndi ganizo la boma.

Chimodzi chimene chikadali poyera ndi kaundula wa zimene zaperekedwa. Pa intaneti pali tsamba la NIH RePORTER, lomwe aliyense angatsegule kwaulere. Mukalemba mawu akuti Malawi pamenepo, mudzaona ntchito zimene zidalandira ndalama, dzina la wotsogolera, yunivesite imene idasainira, nthambi imene idalipira ndi kuchuluka kwa madola a chaka chilichonse.