Khadi limodzi lotsala: chomwe chimabweza otchova njuga patebulo

Kumapeto kwa sabata, gombe la Senga Bay m'boma la Salima limalandira alendo ambiri ochokera ku Lilongwe, ndipo pamacheza a madzulo nkhani za njuga sizisowa. Chodabwitsa n'chakuti amene adakhalapo patebulo la poker m'makasino a m'mizinda sakamba kwambiri za tsiku lomwe adawina. Chomwe chimawakanirira m'mutu ndi usiku womwe kudangotsala khadi limodzi kuti akokole ndalama zonse.

Masamu a masewerowa akuonetsa kuti kutsala pang'onoko si chinthu chachilendo. Mu poker ya mtundu wa Texas hold'em mumakhala makhadi 52. Wosewera aliyense amalandira awiri, ndipo ena asanu amatembenuzidwa patebulo. Tiyerekeze kuti anayi atembenuzidwa kale, ndipo munthu ali ndi makhadi anayi a mtundu umodzi, akudikira lachisanu. Mwa makhadi 46 omwe sadawaone, 9 okha ndiwo angamupulumutse. Izi zikutanthauza kuti pafupifupi kanayi pa kasanu kalikonse khadi lomwe akulifuna silibwera. Iye amachoka akudziguguda kuti tsoka lamugwera, chonsecho zachitikazo ndiye zimayembekezeka.

Nanga n'chifukwa chiyani mtima umakana kuvomereza? M'chaka cha 2009, Luke Clark ndi anzake a payunivesite ya Cambridge adafalitsa kafukufuku m'magazini ya Neuron. Iwo adapeza kuti munthu akaphonya pang'ono pamakina a njuga, mbali za ubongo zomwe zimatakasuka iye akawina zimatakasukanso. Kuphonyako kumamuwawa, komabe kumamuwonjezera chilakolako chopitiriza, makamaka ngati adasankha yekha poseweretsa.

Pantchito zofuna luso, maganizo oterewa ngothandiza. Msodzi wa ku Senga Bay amene usipa wamupulumuka m'chilimira amaphunzirapo kanthu: mawa aponya mosiyana, ayang'ana mphepo ndi mwezi. Koma makhadi akasakanizidwa sakumbukira za dzulo. Luso mu poker lilipo ndithu, monga kuwerenga anzako ndi kudziwa nthawi yogonja, koma palibe luso loitana khadi lomaliza.

Mbiri ya Archie Karas, mbadwa ya ku Greece, ndi phunziro lodziwika. Iye adafika ku Las Vegas m'dziko la America mu 1992 ali ndi madola 50 okha m'thumba. Atabwereka madola 10,000, adawina pa poker ndi masewero ena mpaka chuma chake chidafika pafupifupi madola 40 miliyoni. Mu 1995 zonsezo zidabwerera kukasino. Pajatu chakomachakoma pusi adagwa chagada.

Lero msamphawu sukufunanso ulendo wa kukasino. Uli pafoni ya aliyense. Wobetcha mpira ku Kamuzu Road amene walosera bwino masewero asanu ndi anayi mwa khumi, kapena amene kandege kamuthawira asadatape ndalama, amamva chimodzimodzi ndi wa patebulo la poker. Ndalama zimachoka pafoni mwakachetechete, kaya ndi za usipa, za fizi kapena za lendi.

M'dziko muno njuga imayang'aniridwa ndi bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2022, ndipo ana osakwana zaka 18 saloledwa kutchova. Nalo bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limaika chizolowezi chosalamulirika cha njuga m'gulu la matenda ofuna thandizo.

Zizindikiro zake n'zosabisika: kubetcha pofuna kubweza zomwe zapita, kulowa m'ngongole za katapila, kubisira a pabanja, ndi kuwonjezera ndalama kuti mtima ugunde ngati kale. Amene waona izi mwa iye kapena mwa mbale wake akuyenera kukaonana ndi achipatala oona za maganizo. Wotsala khadi limodzi ndi wotsala makhadi onse amatuluka pakhomo limodzi, matumba ali pululu.