Chiyambi cha Mpangankhani: Buku la Gladiator ndi Kubadwa kwa Superman

Pa mayeso a zolembedwa mumafunsidwa kawirikawiri kufotokoza khalidwe la mpangankhani ndi chimene chinamuchititsa kukhala wotero. Funso lotere limapepuka mukazolowera kuyang'ana chiyambi chake: anabadwa bwanji, analeredwa ndi yani, ndipo mphamvu kapena kufooka kwake kunachokera kuti. M'mutu uno tiphunzira luso limeneli pogwiritsa ntchito chitsanzo cha ku America, kumene nthano zazitali zopeka za sayansi zinalambula njira ya ngwazi za m'timabuku ta makatuni monga Superman.

Nthano yopeka ya sayansi

M'nthano za makolo, mwana wodabwitsa ngati Kalikalanje amangobadwa ndi nzeru zake, ndipo omvera safunsa kuti zatheka bwanji. Samsoni wa m'Baibulo mphamvu zake zinali zochokera kwa Mulungu. Nthano yopeka ya sayansi imasiyana ndi zimenezi chifukwa mlembi amapereka chifukwa chomveka ngati cha sayansi, ngakhale chili chongopeka. Mwachitsanzo, mu 1912 Edgar Rice Burroughs anafalitsa nkhani imene inatuluka ngati buku mu 1917 ndi mutu woti A Princess of Mars. Mpangankhani wake, John Carter, ndi msilikali wamba pano padziko, koma atafika ku Mars amalumpha mtunda wautali chifukwa mphamvu yokokera zinthu pansi ndi yochepa kumeneko. Munthuyo sanasinthe, chasintha ndi malo.

Tsatanetsatane wa Gladiator

Buku lofunika kwambiri pa nkhaniyi ndi Gladiator, lolembedwa ndi Philip Wylie, lomwe linatuluka mu 1930. Nkhani ikuyambira m'tauni yaing'ono ku Colorado. Abednego Danner, mphunzitsi wa sayansi ya zamoyo pa koleji, akudabwa kuti nyerere imanyamula bwanji katundu wolemera kuposa thupi lake, ndiponso kuti chiwala chimalumpha bwanji patali chotere. Akupanga mankhwala, n'kuwayesa pa ambululu, kenako pa mphaka wa bere. Kamphaka kobadwako akukatcha Samson, koma kakukula ndi mphamvu zoopsa mpaka iye mwini akukapha ndi poizoni. Ngakhale waona zimenezi, akugonetsa mkazi wake Matilda, yemwe ndi woyembekezera, n'kumubaya mankhwala omwewo iye osadziwa. Mwana wobadwayo ndiye Hugo Danner.

Imani kaye pamenepa. Imfa ya kamphaka ndi chipangizo cholosera zam'tsogolo: mlembi watiuziratu kuti cholengedwa champhamvu chotere chilibe malo pakati pa zinzake. Onaninso kuti Hugo sanasankhe kukhala wamphamvu, ndipo mayi ake sanafunsidwe. Chiyambi chake chili ndi chinyengo mkati.

Makolo ake akumulangiza kubisa mphamvu zake, ndipo moyo wake wonse ukukhala wofunafuna pozigwiritsa ntchito. Ku yunivesite ya Webster akutchuka pa mpira wa chimereka, koma tsiku lina atapsa mtima akupha wosewera mnzake, n'kuthawa. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse akulowa gulu la asilikali akunja omenyera France. Zipolopolo sizikumulowa, ndipo mnzake wapamtima ataphedwa akupha adani osawerengeka ndi manja. Akukonza zopita yekha ku Germany kuti akathetse nkhondoyo, koma asananyamuke, nkhondo ikutha payokha mu 1918.

Mtendere sukumuthandizanso. Ku fakitale ya zitsulo akuchotsedwa ntchito chifukwa akugwira mopitirira anzake. Ku banki, wantchito wina watsekeredwa m'chipinda chachitsulo chosungiramo ndalama ndipo mpweya ukumuthera. Hugo akung'amba chitseko n'kumupulumutsa. M'malo momuthokoza, akuluakulu a bankiyo akumukayikira kuti ndi mbava yodziwa kuthyola zipinda zotere, ndipo apolisi akumuzunza kuti aulule njira yake. Uwu ndi msemphano, ndipo mwa zochitika zonse za m'bukuli ichi ndicho chopweteka kwambiri, chifukwa apa Hugo wachita chabwino chokhachokha. Atapita ku Washington kukalimbana ndi katangale wa andale, akupeza kuti ziphuphu si mwala woti n'kuunyamula n'kuutaya kutali.

Potsiriza akupita ku Yucatán, ku Mexico, ndi akatswiri ofukula mabwinja a anthu a mtundu wa Maya. Mtsogoleri wawo, Daniel Hardin, akumulimbikitsa kugwiritsa ntchito mankhwala a bambo ake popanga mtundu watsopano wa anthu amphamvu. Hugo akukwera phiri kukuchita chimphepo, akufuula kwa Mulungu kufunsa choti achite, ndipo mphezi ikumuwomba n'kufera pomwepo. Mapepala a mankhwala aja akupsera limodzi naye.

Mkangano waukulu wa bukuli, tsono, suli pakati pa Hugo ndi mdani wina. Palibe munthu angalimbane naye. Mkangano uli pakati pa iye ndi anthu amene akumuopa, komanso mumtima mwake momwe. Akuluakulu anati kali kokha n'kanyama, ndipo Hugo ali yekha kuyambira m'mimba.

Superman

Jerry Siegel, wolemba, ndi Joe Shuster, wojambula, anali anyamata a ku Cleveland, m'chigawo cha Ohio, okonda kuwerenga magazini a nthano za sayansi. Mu 1933 anatulutsa kankhani kotchedwa The Reign of the Superman. M'kankhaniko munthu wosauka akupatsidwa mankhwala ndi wasayansi, akupeza mphamvu za m'maganizo, n'kusanduka chigawenga chofuna kulamulira dziko. Kumbukirani mfundo imeneyi: Superman woyamba anali woipa. Pambuyo pake anamusintha kukhala wopulumutsa anthu, ndipo atakanidwa ndi ofalitsa ambiri, ngwaziyo inatuluka mu 1938 m'kope loyamba la Action Comics. Nkhaniyo, ya masamba 13, pamodzi ndi umwini wa mpangankhaniyo, anaigulitsa pa madola 130 okha.

Tsamba loyamba la nkhaniyo ndi chiyambi chokhachokha. Dziko lina lakutali likuwonongeka, wasayansi akuika khanda lake m'chombo, khandalo likutera pano. Dzina loti Krypton linadzabwera mu 1939. Pofotokoza mphamvu za mwanayo, olembawo akujambula nyerere ndi chiwala, zitsanzo zomwe zija za Abednego Danner. Superman wa 1938 sankauluka ayi. Ankalumpha mamita pafupifupi 200, ankathamanga kuposa sitima yapamtunda, ndipo zipolopolo sizinkamulowa, ndendende Hugo. Siegel ankatchula yekha John Carter, Samsoni ndi Hercules ngati magwero a ngwazi yake. Za Gladiator akatswiri amatsutsanabe, choncho poyankha funso lembani kuti awiriwa akufanana, osati kuti wina anabera mnzake.

Kusiyana kwawo ndiko kofunika kwambiri. Hugo ali ndi dzina limodzi ndi nkhope imodzi, motero akaonetsa mphamvu, moyo wake wa pamalopo watha ndipo ayenera kusamuka. N'chifukwa chake bukuli limangoyenda kuchoka malo ena kupita ena. Superman ali ndi maina awiri. Monga Clark Kent, mtolankhani wamantha wovala magalasi, amakhala pakati pa anthu, kulandira malipiro ndi kunyozedwa ndi Lois Lane. Monga Superman, amavala zovala zowala kuti aliyense aone mphamvuzo poyera. Zimene Hugo anali kubisa ngati matenda, Superman akuzisandutsa yunifolomu. M'kope loyamba lomwelo akupulumutsa mayi woweruzidwa kuti aphedwe pa mlandu umene sanapalamule, akulanga mwamuna womenya mkazi wake, kenako akupita ku Washington, kumene Hugo analephera, n'kunyamula munthu wopereka ziphuphu kwa phungu, kuthamanga naye pa nthambo za telefoni.

Mtundu wa cholembedwa ukutengapo mbali apa. Nthano yaitali imafuna mathero, ndipo Wylie atafika posowa kumene Hugo angalowere, anamupha. Ena amati mphezi ija ndi chilango cha Mulungu pa munthu wolanda ntchito ya Mlengi. Ine ndimaiona ngati njira yachidule ya mlembi, pakuti Hugo anafunsa funso labwino ndipo sanayankhidwe. Inu mukhoza kutenga mbali iliyonse malinga mupereke umboni. Kabuku ka makatuni, kumbali yake, kamatuluka mwezi ndi mwezi, choncho ngwazi yake siingafe kapena kutaya mtima. Chiyambi chake chiyenera kuipatsa chifukwa chomenyera nkhondo mpaka kalekale. Captain America, amene Joe Simon ndi Jack Kirby anamutulutsa mu 1941, nayenso anapeza mphamvu mwa kubayidwa mankhwala ngati Hugo, koma Steve Rogers anadzipereka yekha ali wamkulu, akudziwa chimene akufuna kumenyera.

Poyankha mafunso

Tiyerekeze kuti mwafunsidwa kuti: "Fotokozani momwe chiyambi cha Hugo Danner chikukhudzira mathero ake." Ophunzira ambiri amangobwereza nkhani yonse kuyambira ambululu mpaka mphezi, ndipo amataya malikisi. Inu tchulani mfundo, perekani chochitika chimodzi chotsimikizira, kenako lumikizani. Mwachitsanzo: Hugo anapatsidwa mphamvu popanda cholinga, umboni ndi woti bambo ake anamubaya pongofuna kuona ngati mankhwala agwira ntchito, zotsatira zake, pa phiri paja akufunsabe kuti analengedwera chiyani. Mfundo yachiwiri ingakhale yoti anaphunzitsidwa kubisa, ndipo umboni wake ndi wa ku banki, kumene anakana kuulula momwe anatsegulira chitseko ngakhale apolisi ankamumenya. Mfundo iliyonse ikhale ndi ndime yakeyake, ndipo maina a anthu ndi malo muwalembe monga alili m'buku.