Mboni za Ukwati Sizokometsera Mwambo

Pa maukwati athu kuno ku Kauma tazolowera kusankha mboni poyang'ana amene ali ndi suti yabwino. Koma Eklezia safuna mboni chifukwa cha zovala ayi.

Lamulo la mboni lidachokera ku Italy, pa Msonkhano waukulu wa Aepiskopi ku Trento, m'chaka cha 1563. Masiku amenewo mwamuna ankatha kulonjezana ukwati ndi mkazi mseri, mawa lake nkumukana, nakwatira wina poyera. Mkazi wosiyidwayo adalibe womuchitira umboni. Tsono Aepiskopi adalamula kuti ukwati umangidwe pamaso pa wansembe ndi mboni ziwiri kapena zitatu, apo ayi suli ukwati. Malamulo a Eklezia a 1983, pa nambala 1108, afunabe mboni ziwiri.

Ntchito yao ndi kumva ndi makutu ao mawu a chivomerezo, pakuti akwati eni ake ndiwo apatsana Sakramentili, kenaka kulemba maina ao m'kaundula. Mboni si nkhoswe: ankhoswe aimira mabanja awiri, mboni ziimira Mpingo wonse.

Pano m'tauni ambirife tidachokera kutali. Mnyamata angathe kusiya mkazi ndi ana ku Dedza, nadzapempha ukwati wina ku Lilongwe, Bambo Mfumu osadziwa kanthu. Mnzake wodziwa zimenezi, akapemphedwa umboni, ayenera kukaulula kwa wansembe masabata olengeza ukwati asanathe. Inu akatekisiti, musanalembe dzina la mboni, yambani mwaifunsa kuti: "Kodi akwati awa mudawadziwa liti?"