Mano Okongola ndi Otani?

M'caka ca 1855, pamene David Livingstone anafika ku mathithi a Mosi-oa-Tunya, anapeza kuti Atonga a m'deralo anali kugulula mano akutsogolo a m'mwamba ana akamasinkhuka. Kwa iwo kumeneko ndiko kunali kukongola, ndipo wokhala ndi mano onse anali kusekedwa.

Lero m'tauni ya Livingstone makolo ena afunsa za waya wowongola mano. Dokotala wodziwa nchito yake sayamba ndi waya. Ayamba wauza mwana kuti amwetulire, nayang'ana ngati pakati pa mano akutsogolo palunjika ndi mphuno, ngati nsonga za mano a m'mwamba zitsata mlomo wam'munsi, ndiponso ngati nkhama zioneka mopitirira. Pambuyo pake ajambula X-ray.

Koma inu makolo, cenjerani ndi nkhani ya mpata wa pakati pa mano. Mabuku a ku Ulaya auyesa cilema, pamene kwathu kuno ambiri aunyadira. Waya akhala m'kamwa pafupifupi zaka 2, ndipo mtengo wake si wocepa. Tsono musafulumire: mpata wa mwana wa zaka 8 kawirikawiri utsekeka wokha mano osongoka akamera pa zaka 11 kapena 12.